Madzi Otulukira Pansi: Mmene Citsime Cingacenjezere Mudzi

Mukamva mawu akuti "cigumula", maganizo anu amathamangira ku mtsinje. Mwina mumakumbukira Janeiro wa 2022, pamene namondwe Ana anadzaza Revúbuè mpaka mlatho wa pafupi ndi mzinda wa Tete unaduka. Madzi a mtsinje amabwera ndi mkokomo. Amakokolola mitengo, mbuzi ndi madenga, aliyense akuona.

Koma pali madzi ena amene sabwera ndi phokoso. Mtsinje uli kutali. Denga silikudontha. Mwinanso mvula inaleka masiku atatu apitawo. Inu podzuka m'mawa mungopeza mphasa yanyowa. Mukapukuta, panyowanso. Madziwo sanalowere pakhomo ayi, atulukira pansi pa nyumba yanu yomweyo.

Amenewa ndi madzi a pansi pa nthaka, amene pa Cipwitikizi amati lençol freático. Akakwera mpaka kufika pamwamba, amagwetsa nyumba ndi zimbudzi mwakacetecete. Ubwino wake ndi umodzi: amakwera pang'onopang'ono, ndipo amayamba kuonekera m'citsime masiku angapo asanalowe m'nyumba. Mudzi umene umayang'ana citsime cake ndi kulemba zimene waona ukhoza kudziwiratu.

Kodi madziwa amakwera bwanji?

Aliyense amene anakumbapo citsime amadziwa izi: ukakumba, umayamba ndi dothi louma, kenako lacinyontho, kenako umapeza madzi. Pamene wawapezerapo ndiye pamwamba pa madzi a pansi. Malowo sakhala amodzimodzi caka conse. M'cilimwe amatsika, n'cifukwa cake mu Outubro mumalumikiza cingwe kuti cidebe cifike. M'dzinja amakwera.

Yesani izi kunyumba. Dzazani mcenga wouma m'ndowa, muthiremo madzi kapu imodzi. Madziwo asowa, pamwamba paumanso. Thirani ina, ndi inanso. Kwa nthawi ndithu simuona kusintha. Kenako mukangothira kapu imodzi yokha, madzi aoneka pamwamba pa mcenga. Kapu yomalizayo si yaikulu kuposa zinzake. Kungoti malo onse a m'kati anali atadzaza kale.

Nthaka imacita cimodzimodzi. Mvula ya Dezembro ndi Janeiro imadzaza pansi ife osaona. Ndiye mu Fevereiro kapena Março kumabwera mvula wamba, yosaopsa n'komwe, koma m'nyumba mumatuluka madzi. Anthu amadabwa, ena mpaka kuganizirana zoipa ndi anansi awo. Palibe wacita kanthu, ndowa yangodzaza basi.

Pali cinthu cina cofunika kucimvetsa. M'nthaka, madzi amangokhala m'timipata ta pakati pa mcenga ndi miyala. Timipatato n'tocepa. Tiyerekeze kuti m'nthaka ya kwanu malo amene madzi angalowemo ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Ndiye kuti mvula yokwana masentimetro 5 ikalowa yonse pansi, madzi a m'citsime sakwera masentimetro 5 ayi, akwera masentimetro 50. Theka la metro! N'cifukwa cake citsime cimatha kukudzidzimutsani.

Vutoli limakonda malo otsika: m'mphepete mwa madambo a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, m'zigwa za pafupi ndi nyanja monga ku Mecanhelas, ndiponso pamene phiri lathera n'kuyamba cidikha. M'mizinda ya Beira ndi Quelimane madzi a pansi ali pafupi kwambiri, moti m'mabairro ena munthu amawapeza atangokumba pang'ono.

Musasokoneze ndi madzi a mvula ongoima pa dothi la makande. Kuti musiyanitse, kumbani dzenje lotalika ngati mkono wanu, mulivindikire ndi lata kuti mvula isagweremo. Ngati mawa mwapezamo madzi oyera ocokera pansi, ndipo mukawakapa akubweranso, amenewo ndi madzi a pansi.

Zimene amawononga

Coyamba ndi khoma. Nyumba ya zidina kapena ya njerwa zomangira dothi imamwa madzi kucokera ku maziko. Mumaona mzere wa cinyontho ukukwera, dothi la m'munsi likufewa n'kumagumuka. Denga lonse latsamira pa dothi lofewalo. Nyumba zotere zimatha kugwa usiku, kunja kuli nyenyezi, anthu ali m'tulo cifukwa akuganiza kuti zoopsa zinapita ndi mvula.

Caciwiri ndi cimbudzi, ndipo apa ndiye pali imfa. Madzi a pansi akalowa m'dzenje la cimbudzi amasakanikirana ndi zonyansa, n'kumayenda nazo pansi pomwepo kupita ku citsime. Madzi a m'citsimemo amaonekabe oyera. Akatswiri a zaukhondo amalangiza kuti pansi pa dzenje la cimbudzi pakhale metro imodzi ndi theka pamwamba pa madzi a pansi, ndipo cimbudzi citalikirane ndi citsime mametro 30. Koma ciyeso cimeneci n'ca nthawi imene madzi akwera kwambiri, osati ca m'cilimwe pamene tonse timakumba zimbudzi. Kolera si nkhani yacilendo kwathu kuno. Mliri waukulu umene unavuta dziko lathu mpaka mu 2023 unayambira ku distrito ya Lago, ku Niassa, mu Setembro wa 2022.

Cimanga ca m'matumba oikidwa pansi cimacita cuku. Mbatatesi imawolera m'munda. Cimanga ca m'malo a lowe cimasanduka cikasu, pakuti mizu nayo imafuna mpweya.

Ndipo madziwa sacoka msanga. Mtsinje ukhoza kusefukira n'kuphwa pa masiku awiri kapena atatu, koma madzi a pansi amakhala masabata. Mu 2001, ku France, m'cigwa ca mtsinje wa Somme, nyumba za m'tauni ya Abbeville zinakhala m'madzi pafupifupi miyezi iwiri, ndipo gawo lalikulu la madziwo linkacokera pansi. Ndi dziko la makina ambiri limenelo, koma kupopa kunali ngati kukapa m'bwato lobooka. Matumba a mcenga oika pakhomo nawonso sathandiza kwenikweni, cifukwa mdani sakudzera pakhomo.

N'cifukwa ciyani wailesi siinena?

Dziko lathu lili ndi mabungwe ocenjeza anthu. INAM imaona za nyengo: mvula, mphepo ndi anamondwe. Ma ARA, amene amayang'anira madzi m'zigawo, amayeza mitsinje ndi madamu. INGD, imene kale inkachedwa INGC mpaka 2020, ndiyo imatsogolera pa nthawi ya ngozi. Uthenga wawo umafika kwa ife kudzera pa Rádio Moçambique, pa mawailesi a m'madera ndi pa foni. Muziumvera ndithu.

Koma mabungwewa amayeza zinthu zikuluzikulu. Angakuuzeni kuti ku Tete kugwa mvula yamphamvu, kapena kuti Zambezi wakwera. Sangakuuzeni kuti madzi atsala masentimetro 40 kuti afike pansi pa nyumba za kumunsi kwa chalichi ca m'mudzi mwanu. Madzi a pansi amasiyana ngakhale m'mudzi umodzi. Kumtunda citsime cili pa mametro 6, kudambo cili pa metro imodzi. Boma silingaike munthu pa citsime ciliconse.

Munthuyo alipo kale, ndi mayi amene amatunga madzi m'mawa uliwonse. Iye amadziwa kuti sabata yatha ankaponya cingwe conse, lero theka lokha lakwana. Amadziwa kuti kasupe amene anauma zaka zitatu zapitazo wayambanso kutuluka kuseri kwa sukulu. Nzeru imeneyi imathera pa citsime pomwepo, m'maceza. Cimene cikusowa ndi kuisandutsa nambala, kuilemba, ndi kuipereka kwa munthu amene angacitepo kanthu.

Ena anayesapo

Pambuyo pa cigumula ca caka ca 2000, cimene cinapha anthu pafupifupi 700 m'dziko lathu, anthu a m'cigwa ca mtsinje wa Búzi, ku Sofala, anayamba njira yawoyawo mothandizidwa ndi INGC ndi mabungwe a ku Germany. Anthu wamba osankhidwa m'midzi ankawerenga tsiku ndi tsiku kuculuka kwa mvula ndi msinkhu wa mtsinje pa mitengo yolembedwa manambala. Ankatumiza manambalawo pa wailesi ya mauthenga ku likulu la distrito. Zikafika poopsa, uthenga unkabwerera kumidzi, makomiti n'kukweza mbendera ndi kulengeza pa zimkuzamawu. Mu Fevereiro wa 2007 namondwe Favio atadzaza mtsinjewo, cenjezo linafika nthawi yabwino, anthu n'kusamukira kumtunda.

Tisabise: mu Março wa 2019 namondwe Idai anamiza Búzi yemweyo, anthu n'kukhala pa madenga masiku angapo. Cenjezo sililetsa madzi, ndipo pali madzi ena oposa zonse zimene anthu anakonzekera. Komabe ca ku Búzi cinaonetsa kuti mlimi wodziwa kuwerenga nambala akhoza kukhala diso la distrito yonse.

Kumeneko kunali kuyeza mtsinje. Za madzi a pansi, citsanzo cili ku Hambledon, mudzi wa kumwera kwa England. Mudziwo uli m'cigwa, pa mwala woyera wofewa umene umamwa madzi ngati cinkhupule. Kumayambiriro kwa 2014 madzi anatuluka pansi n'kuyenda mumsewu waukulu wa m'mudzimo kwa nthawi yopitirira mwezi. Anthu a kumeneko ali ndi gulu lawo loona za madzi osefukira. Amatsatira msinkhu wa madzi m'citsime cakuya ca pa mtunda wa pafupi, ndipo cifukwa coyerekeza ndi zaka zam'mbuyo, amadziwa kuti nambala yakutiyakuti ikakwana, nyumba zoyamba ziyamba kulowa madzi. Amauzana, aliyense n'kukonzeratu pampu yake ndi kukweza katundu. Iwo ali ndi makina, inu muli ndi cingwe, koma nzeru yake ndi imodzi.

Kupanga coyezera

Mufunika cingwe ca nayiloni, kacitini ka tomato kotsuka bwino, kaderno ndi lapulo kapena colembera ciliconse cosafufutika ndi madzi.

Boolani kacitini pansi pake, mukamangirire ku cingwe mozondotsa, kukamwa kwake kuyang'ane pansi. Pamwamba pake mangiriranipo kacitsulo kolemera kuti cingwe ciziwongoka. Kacitini kotere kakagunda madzi kamalira kuti "phwa", ndipo mumamva ngakhale m'citsime muli mdima.

Tsopano ikani zizindikiro pa cingwe, kuyambira pa mlomo wa kacitini. Bwerekani tepi yoyezera kwa telala kapena kwa mmisiri womanga nyumba. Pa masentimetro 10 alionse lowetsani ulusi wakuda pakati pa cingwe, pa metro iliyonse ulusi wofiira. Musamange mfundo. Mfundo iliyonse imadya cingwe, ndiye muyeso wonse umalakwika.

Sankhani zitsime ziwiri kapena zitatu: cimodzi kumunsi, kufupi ndi nyumba zimene zimavutika, cina pakati, cina kumtunda. Zikhale zitsime zotsegula. Mjigo musautsegule, mungauwononge ndi kuipitsa madzi a mudzi wonse. Ngati kumunsi kulibe citsime, kumbani dzenje lopapatiza la metro imodzi ndi theka, muimikemo paipi ya pulasitiki yoboolaboola kumunsi kwake, muzungulize mcenga, pamwamba muvindikire. Imeneyo ikhala citsime canu coyezera, ndipo mwana sangagweremo.

Pa mlomo wa citsime lembani cizindikiro ndi penti, kapena khomani msomali pa mtengo wopingasa. Muziyezera pamenepo nthawi zonse. Mukayezera uku lero, uko mawa, manambala anu sanena kanthu.

Yezani m'mamawa anthu asanayambe kutunga, cifukwa kutunga kumatsitsa madzi. Cingwe coyezera cisagwire nchito ina. Musamangire mbuzi, musaciike pansi. Cisungeni m'jumbo yoyera, pakuti cimalowa m'madzi amene ana anu amamwa. Ndipo nthawi ya mvula dothi la m'mbali mwa citsime cosamanga limagumuka, conco muzipita awiri, osatuma mwana.

Kulemba m'kaderno

Gawani tsamba m'mizere inayi: tsiku, dzina la citsime, nambala, ndi zimene mwaona. Tiyerekeze kuti tsamba lina likuoneka motere:

3 Fevereiro, kudambo, 180 cm, mvula usiku
4 Fevereiro, kudambo, 170 cm, mvula yowaza
5 Fevereiro, kudambo, 160 cm, kulibe mvula
6 Fevereiro, kudambo, 150 cm, kasupe watuluka kuseri kwa sukulu

Apa pali msampha umene umakola anthu ambiri, ngakhale amene anapita patali ndi sukulu. Nambala ikamacepa, ndiye kuti madzi akukwera. Inu simukuyeza kuculuka kwa madzi, mukuyeza mtunda wocokera pamwamba kukafika pamene pali madzi. 180 ndi kutali, 150 ndi pafupi. Ndaonapo m'kalasi anthu akuwomba m'manja kuti "acepa!" pamene madzi akubwera. Kuti musaiwale, lembani pa cikuto ca kaderno ndi zilembo zazikulu: NAMBALA YAING'ONO, MADZI ALI PAFUPI.

Taonaninso tsiku la 5 Fevereiro. Mvula kunalibe, koma madzi anakwerabe masentimetro 10. Imeneyo ndi mvula ya masiku apitawo, ikutsikabe m'nthaka ndi kuyenderera kucokera kumtunda. Kumwamba kukayera musaleke kuyeza.

Mzere wacinayi musaupeputse. Lembani ciliconse: madzi akwera m'cimbudzi ca kusukulu, khoma la nyumba yakuti lanyowa mpaka m'bondo, njira ya kudimba yasanduka lowe, nyerere zikusamutsa mazira. Zimenezi ndizo zidzapatsa manambala tanthauzo.

Ngati mungathe, yezaninso mvula. Ikani citini ca mbali zowongoka pa mtengo, poyera, kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse lowetsani rula, muwerenge mamilimetro, mutaye madziwo. Milimetro imodzi ndi litro imodzi ya madzi pa malo a metro imodzi m'litali ndi metro imodzi m'lifupi. Pakatha caka mudzayamba kuona kuti mvula yakuti imakweza citsime canu mwakuti, patapita masiku akuti.

M'cilimwe kuyeza kamodzi pa sabata n'kokwanira. Mvula ikakhazikika, kawiri pa sabata. Madzi akayandikira, tsiku lililonse.

Nambala yoopsa ndi iti?

Palibe buku limene lingakuuzeni, cifukwa citsime ciliconse cili ndi nambala yake. Mudzaipeza kwa akuluakulu a m'mudzi. Khalani nawo pansi, makamaka amayi acikulire, muwafunse kuti: "Agogo, caka cija madzi analowa m'nyumba za kumunsi, m'citsime munali bwanji?" Wina adzati, "Tinkatunga ndi dzanja, osaponya cingwe." Wina adzati, "Anafika pa njerwa yacitatu kucokera pamwamba." Pitani nawo pa citsimepo akakulozereni, inu muyeze. Imeneyo ndiyo nambala yanu yoyamba. Idzakhala yongoyerekeza, koma caka ciliconse kaderno idzaikonza.

Musadabwe ngati nyumba zimalowa madzi citsime cisanadzaze. Citsime cikhoza kukhala pamalo okwera kuposa nyumbazo, ndiponso mlomo wake ndi womangidwa m'mwamba.

Tibwerere ku citsanzo cathu. Tinene kuti agogo aja analoza pa 90 cm. Lero madzi ali pa 150 cm. Kucotsa 90 pa 150, kwatsala 60. Madzi akukwera 10 pa tsiku. Ndiye kuti mwatsala ndi masiku ngati 6. Samu yake ndi yomweyo imene mumacita poona kuti ufa wa m'thumba ukufikitsani liti. Koma musadalire masiku onse 6. Kukagwa cimvula usiku umodzi, akhoza kusanduka awiri.

Gwirizanani masitepe atatu, muwalembe pa tsamba loyamba la kaderno.

Loyamba ndi lakuti "khalani cheru". Madzi atsala ngati metro imodzi kuti afike pa nambala yoopsa, ndipo akukwera. Yambani kuyeza tsiku lililonse. Lambulani ngalande zopita kudambo. Kuyambira tsiku limeneli, madzi akumwa a m'zitsime zosamanga aziwiritsidwa kapena kuthiridwa Certeza motsatira malangizo a pa botolo, cifukwa zimbudzi zimakhudzidwa nyumba zisanakhudzidwe.

Laciwiri ndi lakuti "kwezani katundu". Kwatsala theka la metro. Matumba a cimanga, mbewu, feteleza ndi zofunda zikwere pa thandala kapena zipite kwa abale kumtunda. Ma BI, makadi a kucipatala ndi mapepala a sukulu alowe m'jumbo. Zimbudzi zimene zadzaza madzi zitsekedwe, mabanjawo agwirizane ndi a kumtunda. Apa mpamene mumafunsanso kuti nkhalamba, odwala ndi amayi oyembekezera a kumunsi akagona kwa yani.

Lacitatu ndi lakuti "tulukani". Nambala yakwana, kapena khoma lafewa m'munsi, kapena laonetsa mng'alu watsopano. M'nyumba ya dothi yotero musagonemo, ngakhale usiku umodzi, ngakhale kunja kuli mwezi.

Cenjezo la citsime silolowa m'malo mwa cenjezo la boma. Mukamva kuti kukubwera namondwe kapena kuti mtsinje ukusefukira, musathamangire kukayeza citsime. Samukani nthawi yomweyo.

Uthenga uyende bwanji?

Nambala yokhala m'kaderno siipulumutsa munthu. Musanayambe n'komwe kuyeza, mudzi ugwirizane kuti woyeza akauza yani, ndipo ameneyo akauza yani.

M'madera ambiri muli kale komiti ya za ngozi, imene pa Cipwitikizi amati Comité Local de Gestão do Risco de Desastres. Ndi anthu odzipereka a m'mudzi momwemo, ophunzitsidwa ndi INGD. Ena nchito yawo ndi kumvera wailesi, ena kucenjeza anthu, ena kusamutsa, ena kukonza malo ogona. Ngati kwanu ilipo, musapange gulu lina lopikisana nayo. Pitani nayo kaderno yanu, mupemphe kuti kuyeza zitsime kukhale mbali ya nchito yake. Ngati kulibe, yambirani kwa amfumu kapena kwa sekretariyo wa bairro, iwo akalankhule ndi a ku localidade.

Makomitiwa amagwiritsa nchito mbendera za namondwe: yabuluu, yacikasu ndi yofiira. Ine ndingakulangizeni kuti mbendera zimenezi musazikweze cifukwa ca citsime. Anthu angaganize kuti kukubwera mphepo, ndipo tsiku lodzabwera namondwe weniweni adzazengereza. Sankhani cizindikiro cina, kaya kulira kwa ng'oma kwa mtundu wake, kaya belu la kusukulu. Ndiponso popeza madzi a pansi amakhudza nyumba zowerengeka, njira yabwino koposa ndi kugogoda khomo ndi khomo. Lembani maina a mabanja a kumunsi, munthu mmodzi atenge makomo asanu.

Uthengawo ukhale wacindunji. Kungoti "madzi akubwera" kumaopseza anthu popanda kuwauza cocita. Nenani kuti: "Amayi, citsime ca kudambo cafika pa 140. Tili pa sitepe yaciwiri. Kwezani cimanga lero, ndipo agogo akagone kumtunda."

Kamodzi pa mwezi, jambulani tsamba la kaderno ndi foni, kapena likopereni pa pepala lina, mulipereke ku ofesi ya distrito yoona za zomangamanga, SDPI, ndi kwa woimira INGD. Mwina poyamba sadzacitapo kanthu. Pitirizani. Mudzi wopempha ngalande kapena mjigo watsopano utanyamula manambala a zaka zitatu umamveka mosiyana ndi mudzi wongodandaula pakamwa. A kucipatala nawonso auzeni zimbudzi zikayamba kudzaza madzi, kuti akonzekere matenda otsegula m'mimba.

Zimene zimagwetsa nchitoyi

Kuyeza n'kosavuta. Covuta ndi anthu.

Woyeza amatopa. Mwezi woyamba aliyense amafuna kugwira cingwe, pofika mwezi wacinayi watsala mmodzi, ndipo tsiku limene iye wapita ku maliro ndi limene madzi akwera. Citsime ciliconse cikhale ndi anthu atatu osinthana masabata. Pakati pawo pakhale amayi amene amatunga pamenepo. Kawirikawiri pa msonkhano timasankha abambo cifukwa ndiwo amalankhula, koma bambo amene satunga madzi ayenera kucita kukumbukira kuti apite ku citsime, pamene mayi amafikapo kale m'mawa uliwonse. Ngati mayiyo akuphunzira kumene kulemba, palibe vuto. Manambala atatu ndi tsiku, basi. Dzanja limazolowera.

Cina ndi cenjezo lopanda cotsatira. Mudzauza anthu kuti akweze katundu, kenako mvula idzaleka, madzi n'kuima pa 100 osafika pa 90. Ena adzakusekani, ena adzakwiya kuti munawasenzetsa matumba pacabe. Zimenezi zidzacitika ndithu, conco zineneretuni pa msonkhano woyamba. Ndipo zikacitika, musabise kaderno. Itengereni pa bwalo, aliyense aone kuti panatsala masentimetro 10 okha. Anthu amakhulupirira woyeza amene amawaonetsa manambala ngakhale pamene zinthu sizinayende monga ananenera.

Palinso nkhani ya malo. Kaderno ikayamba kuonetsa kuti kumunsi kuja madzi amafika caka ndi caka, mwini malo amene amafuna kugawa kapena kugulitsa ziwembu kumeneko sadzakondwa. Banja limene linamanga kale silidzafuna kumva kuti linamanga pa lowe. Apa pamafunika amfumu, ndi kulankhula mwaulemu. Colinga si kuthamangitsa munthu. Amene sangasamuke akhoza kukweza maziko pomanganso, kuika pulasitiki yakuda pakati pa maziko ndi khoma, ndi kumanga cimbudzi cokwera ca dzenje losaya. Koma wacinyamata amene akufuna malo omangapo nyumba yake yoyamba ali ndi ufulu woona kaderno asanaumbe njerwa.

Kaderno yeniyeniyo imanyowa, imadyedwa ndi ciswe, kapena mwana amang'ambamo pepala. Muziisunga m'jumbo, ndipo pakhale ina yokopera kusukulu kapena kwa amfumu. Ikadzaza musaitaye. Ya caka catha ndiyo imakuuzani tanthauzo la nambala ya lero.

Nthawi yoyambira ndi Outubro kapena Novembro, mvula isanagwe, pamene madzi ali pansi penipeni. Nambala ya tsiku limenelo ndiyo poyambira panu, ndipo idzakuuzaninso kanthu kena: caka cimene mvula ikuyamba citsime cili kale pamwamba kuposa caka catha, ndowa ija yayamba ili yodzaza theka, ndiye masitepe anu atatu adzafika msanga. Funsani agogo aja mwezi womwewo, konzani cingwe, ndipo pa msonkhano wa mudzi wotsatira mupite ndi tsamba loyamba lolembedwa kale.